Zenera la kwa a Mhango

"Chemwali, kuno sitikufuna wogulitsa mandasi," anatero a Zebedee osatembenuka n'komwe. "Tikufuna womasulira mafilimu, wodziwa Chingelezi ngati Enerst uyu."

Saida sanachoke pakhomo. M'kachipinda aka, kuseri kwa msika wa ku Area 23, ndimo a Zebedee ankaikira mawu a Chichewa m'mafilimu akunja, ndipo malo a ntchito anali amodzi okha, amene Enerst nayenso ankawafuna. Saida anali atatopa ndi maganyu ochapa zovala, zala zitachita kusupuka.

"Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, bambo. Ndiyeseni kaye."

A Zebedee anaika filimu ya ku Korea imene inabwera yopanda mawu a Chingelezi olembedwa m'munsi. Enerst, mwini satifiketi ya Fomu 4, anagwira maikolofoni n'kuyang'ana m'munsi mwa kanemayo.

"Bigi, zolemba zija zili kuti? Ndiyambira pati?"

Saida vuto limeneli ankalidziwa kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Nthawi imeneyo ku Mgona, a Mhango ndiwo anayamba kugula kanema. Akazi awo ankatseka zenera poopa fumbi ndi phokoso la ana, choncho anawo ankangoonera pagalasi, osamva kanthu. Filimu yoyamba inali ya Amwenye, mkazi wa nsalu yofiira akulira pamvula.

"Akuti chiyani?" anafunsa Aliya, mng'ono wake wa Saida, tsiku limenelo.

Saida, ataima panjerwa ziwiri, anayang'ana nkhope ya mkaziyo. "Akuti mwamuna wake wadya ndiwo zonse."

Ana anaseka mpaka kugwa pansi. Kuyambira pamenepo Loweruka lililonse mawu a filimu anali iyeyo, ndipo makofi a mayi ake chifukwa chochedwa ku madrasa sanamuletse.

"Chotsani voliyumu yonse, bambo," anatero Saida tsopano, akulandira maikolofoni. "Ikungondisokoneza."

Pakanemapo mayi wachikulire ankaloza mtsikana ndi timitengo todyera. Saida anadikira mpaka milomo itayamba kuyenda.

"Iwe, mpunga umenewu waphika ndi madzi kapena ndi mwano? Mwana wanga anakutola kuti, pa Lizulu?" Kenaka anasintha mawu, kukhala aulemu koma obaya. "Pepani amayi, mano anuwo ndi amene atha, mpunga ulibe mlandu."

Mawu anathera pomwe milomo inatsekera. A Zebedee anaseka mpaka kutsokomola, ndipo Enerst anapinda satifiketi yake mwakachetechete.

"Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa," anatero a Zebedee akupukuta misozi. "Chikorea munaphunzira kuti?"

"Pazenera la kwa a Mhango."

"Muyambe lero lomwe. Mukufuna chiyani, tiyi?"

Saida anacheuka. Pagalasi la zenera panali timitu tinayi ta ana, mphuno zitaphwanthika, akuonera osamva kanthu. 

"Tiyi ayi, bambo. Tsegulani zeneralo."

A Zebedee anadzuka okha n'kulitsegula.