Bokosi la Mita

Pamene Pyo Dalsu ankasamukira kwa mayi uja wogulitsa mowa kuseri kwa siteshoni ya Taebaek, sanatenge zambiri. Ananyamula chikwama ndi bokosi lake la zitsulo, n'kuima pageti kuti msewu wonse umve.

"Chijasi changa ndachisiya dala. Chisanu chikadzagwira mapaipi mudzandiitana nokha, ndidzachivalira pompano."

Mkazi wake, Eom Sunrye, anapitiriza ntchito yake. Anali pakati posefa soya wopangira dubu, chakudya choyera chofewa chomwe ankagulitsa, ndipo dubu sadikira kuti munthu amalize kutsanzikana ndi banja lake.

Koma mawuwo anamulowa ndithu. Ukwati wonsewu Dalsu anali ndi ntchito imodzi yokha pakhomopo. Chaka chilichonse masamba akayoyoka ankavala magolovesi, n'kutsegula bokosi la mita ya madzi lomwe linali pansi, pafupi ndi geti. Wina akayandikira ankamukalipira: "Chokanipo apa, izi si za akazi!" Ankagwada pamenepo mpaka masana akubuula msana, kenako n'kulowa m'nyumba kuitanitsa mowa ndi nyama ya nkhumba ngati wachokera kunkhondo. Miyezi ina yonseyo ankapumula. Sunrye, yemwe dubu wake ndiye ankadyetsa banja, anafika pokhulupirira kuti m'bokosimo muli nzeru zoti mutu wake sungazikwane.

Januwale, mwezi wa chisanu choopsa kumeneko, anafika ndi mano onse. Chimkuzamawu cha pamtengo wa magetsi chinalengeza zomwe chimalengeza chaka ndi chaka: siyani mpopi ukudontha, kutirani mita ndi zovala zakale zouma, ikaundana musaithire madzi owira. Mpopi Sunrye anausiyadi ukudontha. Bokosi lija ankangolilambalala.

M'mawa mwake mpopi unali zii. Anaupotokola uku ndi uku, osatuluka ngakhale dontho. M'mabeseni soya anali atafufuma kale, akudikira chigayo ndi madzi ambiri.

"Iwe Sunrye!" Anali Malsun wa nyumba yoyandikana nayo, mayi wamkulu kwa iye, atasuzumira pampanda mutu atauzenga mpango. "Nthunzi siikutuluka bwanji kwanuko? Wafa?"

"Sindinafe achemwali. Afa ndi madzi."

"Ndiye ukudikira chiyani? Aimbire bambo a Mira. Mwamuna ndi wa tsiku ngati lalero, masiku enawa ndi katundu chabe."

"Sindiimba."

"Mwanowu udzakudyetsa soya wosasa. Abwere, akonze, uwathamangitsenso. Chavuta n'chiyani?"

"Akalowa pano ndi zitsulo zawo satulukanso. Mukuwadziwa."

Malsun ankawadziwadi. Pamsika zinali zitamveka kale kuti mayi wa kusiteshoni uja wayamba kutopa ndi mlendo wodya osatsuka mbale. Dalsu sankadikira chisanu chifukwa chokonda mapaipi ayi. Ankafuna kubwerera ngati munthu wochita kupemphedwa.

Sunrye anavala nsapato zake za mphira n'kupita pageti. Mantha anali nawo, tisanamizane. Chivundikiro chinali chitamatirira, ndipo anachikanula ndi mpini wa chipande chachitsulo. Pamwamba panali pulasitiki, pansi pake thumba la mpunga lopindapinda. Atachotsa thumbalo anaona nsalu yofiira, youma gwa ngati thabwa.

Anaikoka, inakana. Anaikokanso ndi manja onse mpaka inamatuka, iye n'kukhala pansi pa madzi oundana. M'manja mwake munali jekete yake.

Inali jekete ija ankavala Lachinayi lililonse popita kukaphunzira kuimba kuholo ya m'dera, mwana wawo Mira ali kusekondale. Inasowa pachingwe tsiku lina. Dalsu anati ndi akuba, n'kuwonjezera kuti akubawo amuchitira chifundo, mayi wamkulu sangamayende m'tauni atafiira ngati tsabola. Pansi pa jeketeyo panali siketi yamaluwa yomwe inasowa chaka cha m'mbuyo mwake. Pansi pa siketi, mpango wa silika womwe mayi ake anamusiyira. Chaka chilichonse chinali ndi chovala chake, mpaka Sunrye anatopa n'kusiya zoimbazo. Mkuluyo sankachotsa zakale, ankangounjika. Zonse zinali zitamwa chinyezi cha zaka, ndipo tsopano zinali zitaundana mozungulira mita ngati mwala umodzi.

"Mayo ine!" Malsun anali atalowa pageti. "Si siketi ija imeneyo? Ija tinayambana nayo ndi akazi a Ok, ife kumati aba ndi iwo?"

"Ndi yomweyo."

"Chigawenga! Ine ndakhala osalankhulana ndi mayi uja chifukwa cha galu ameneyu?"

Sunrye ankayembekeza kuti alira. Misozi sinabwere. Chomwe chinabwera ndi mkwiyo, wotentha bwino, ndipo mantha aja anathera pomwepo. Nzeru zoopsa zija zinali zimenezi basi: paipi, mita, chotsekera madzi, ndi zovala zake.

Malsun anathamangira kwawo n'kubwera ndi ketulo ikufuka nthunzi. "Suntha, ndiithire!"

"Achemwali, mwaiwala momwe galasi la mita yanu linaphulikira chaka chatha? Ikani pansi."

"Iii, wayamba kale kulamula ngati pulambala."

Sunrye anaswa madzi oundana a pamwamba pa ndowa, n'kusakaniza a pansiwo ndi a m'ketulo, akuyesa ndi chigongono monga ankachitira posambitsa Mira ali khanda. Anakulunga paipi ndi thawulo n'kumathira madzi ofundawo pang'onopang'ono. Atatha anakoka waya wa magetsi kuchokera m'khitchini, n'kuyatsa choumitsira tsitsi chomwe Mira anasiya. Zala zinachita dzanzi, mawondo anasiya kumva. Malsun ankagwirizira waya uku akutukwana Dalsu kuyambira kumutu mpaka kuphazi, osasiya ndi makolo ake omwe.

Paipi inalira kulukulu. Asanasangalale, madzi anatumphuka polumikizira, molunjika kumaso kwa Sunrye.

"Yaphulika! Tafa! Imba foni, mwana iwe!"

Sunrye sankaona kanthu. Anapapasa mpaka anagwira chotsekera chija, n'kuchipotokola ndi mphamvu zonse. Madzi anafooka, kenako analeka. Tsitsi la pamphumi linali litayamba kale kuuma ngati waya. Atayang'anitsitsa anaona kuti paipi sinang'ambike, inali nati yomwe chisanu chinaikankha. Nati ngati imeneyo ankaimanga yekha mlungu uliwonse pa chigayo cha soya. Anakatenga sipanala yake, anamanga, n'kutsegulanso madzi mwapang'ono.

M'khitchini mpopi unatsokomola kawiri, kenako unayamba kuthira m'beseni.

Sunrye anaseka, koma kuseka kowawa. Ntchito yonse yodyera nyama ya nkhumba ija inali yosakwana ndi nthawi yowiritsa mphika umodzi wa soya.

"Tsopano pakufunika zouma," anatero Malsun akupukuta m'bokosimo. "Ndikakutengere mabulangete akale a mdzukulu wanga?"

"Musavutike. Chilipo chabwino kwambiri."

Chijasi cha Dalsu chinali m'kabati, m'thumba lake la pulasitiki: chakuda, chofika m'mawondo, chodzaza nthenga za bakha. Mwini wake sankalola ngakhale kuti chimve fungo la khitchini. Sunrye anachikulunga mozungulira mita, manja ake n'kuwazenga papaipi, ndipo chinakwana ngati anachisokera pomwepo. Anaphimba ndi pulasitiki, natseka. Jekete yofiira ija anaikoleka pageti, siketi ndi mpango pambali pake, zili chiumire.

Dzuwa litafika pamutu, dubu woyamba ali m'zikombole, Dalsu anatulukira pakona. Anali ndi bokosi la zitsulo m'manja, atavala kajekete kopyapyala, mphuno ili psuu.

"Amake Mira, ndimangodutsa. Ndamva kuti msewu uno mita zaundana."

"Zaundanadi."

Maso ake anapita pa nthunzi yotuluka pawindo, kenako pageti.

"Zimenezo... zinali zakutha kale."

"Mpango wa amayi anga unali wakutha?"

"Tikambirane m'nyumba, kunja kuno kukuzizira. Kapena mungonditengera chijasi changa kaye."

"Chili pantchito," anatero Sunrye akuloza pansi ndi chibwano. "Chidzaweruka chisanu chikatha. Mudzabwere nthawi imeneyo, ndidzakuikirani panja pa geti."

Malsun anaphulika nako kuseka kuseri kwa mpanda. Dalsu anaika zitsulo pansi n'kugwada kuti atsegule, koma nsapato ya mphira inafika pachivundikiro iye asanachigwire.

"Chokanipo apa," anatero Sunrye. "Izi si za alendo."

Dalsu anamuyang'ana ali chigwadire, akudikira kuti mwina aseka. Sanaseke. Mkuluyo anadzuka, anatola zitsulo zake, n'kubwerera njira ya kusiteshoni mapewa ali m'makutu.

Linali Lachinayi. Atamaliza kugulitsa, Sunrye anasiya mpopi ukudontha, anakhoma geti, n'kutsetsereka kulowera kuholo atavala juzi yake yogwirira ntchito, yonunkha soya. Panjira anaima kaye pakhomo pa akazi a Ok, n'kugogoda.