Kuseka kwa Kulas

Luningning anaimitsa kanemayo kachitatu, nkhope ya Kulas itadzaza sikirini yonse.

"A Gelio, taonani pakamwapo. Akuseka kapena likumuwawa dzino?"

A Gelio Macaraeg anayang'anitsitsa sikiriniyo. Anali atajambula Kulas, nalimata wa m'katuni ameneyu, zaka zoposa makumi atatu, ndipo ana a mu Manila anakula akumuonera pa TV Loweruka m'mawa. Monga ojambula makatuni onse akale, anali ndi kagalasi patebulo: ukafuna katuni ikwiye, uyambe wakwiya iwe pagalasipo, pensulo izitsatira pambuyo. Kuseka kwa Kulas kunali kuseka kwa a Gelio. Koma chidwalire sitiroko chaka chatha, tsaya lawo lakumanzere linagona osadzukanso, ndipo dzanja, poti silidziwa bodza, linkajambula zomwe galasi lanena.

"Eni TV abweza gawo lonse," anatero Luningning, amene tsopano ndiye ankayendetsa situdiyo. "Akuti ana achita mantha."

"Ana ake ati? Ana a masiku ano saopa ndi maliro omwe."

"Ingokoperani zojambula zanu zakale. Zili mbwee kusitoloko."

"Ndidzibere ndekha? Iwe Ning, kusongola pensulo ndinakuphunzitsa ndine, lero ukundituma kukafukula manda?"

"Nanga ndikawauze chiyani, bambo? Akapanda kuseka bwino pofika Lachisanu, Kulas amuchotsa pa TV."

A Gelio anali atatopa, kutopa kosatha ndi tulo. Ananyamula galasi n'kuyesanso. Mbali imodzi ya nkhope inaseka, inayo inangoonerera ngati mlendo paukwati. Zinawapweteka kuposa tsiku lomwe sitiroko inawagwetsa m'bafa.

Anadzuka pampando pang'onopang'ono, akugwirira tebulo.

"Ukaipa nkhope dziwa nyimbo. Khala apa."

"Ine? Ndinasiya kalekale kujambula. Manja anga anazolowera misonkhano."

"Khala, usandichedwetse. Pa ophunzira anga onse, amene ankandigeza bwino ndikatembenuka ndiwe. Unkayesa sindikuona?"

Luningning anakhala. A Gelio anamutembenuzira galasi, namuikira pensulo yawo m'manja.

"Seka."

Luningning anayesa, koma panaseka pakamwa pokha, misozi ili lengelenge.

"Osati choncho. Kulas amayamba ndi maso, pakamwa pamabwera pambuyo. Yambanso."

A Gelio anakoka mpando wapulasitiki n'kukhala kumbuyo kwake, pomwe galasi silikanawaona, manja atawapinda pamiyendo.