Manja a Madiresi Asanu ndi Limodzi

Tilipo anayi m'gulu lathu losoka, ndipo makina ndi atatu. Lachitatu lija palibe amene ankapalasa makina. Nsalu yobiriwira ya operekeza mkwatibwi inali yoyalidwa patebulo kuyambira Lolemba, yojambulidwa ndi choko, kufufutidwa, kujambulidwanso. Khosi la diresi tinali titalisintha katatu, pomwe ukwati unali Loweruka la sabata yotsatira.

A Manzere, amene amatidulira nsalu, ankangozungulira tebulo akutsegula ndi kutseka sizasi m'mwamba. Anati atopa ndi anthu ogona ndi maganizo ena n'kudzuka ndi ena. Amake mapasa anayankha kuti nawonso a Manzere sabata yatha anabweza nkhani ya mabatani chifukwa choti analota. Azakhali anga, amene anayambitsa gululi, anamenya tebulo ndi rula n'kundiuza kuti nditenge kope ndilembe malamulo.

Loyamba linali loti zomwe tagwirizana sizibwezedwa popanda chifukwa chatsopano. Lachiwiri, chifukwacho chinenedwe pamaso pa tonse. Lachitatu, sizasi ikangoluma nsalu, nkhani yatha.

Ndinalemba awiri oyambawo, koma pa lomalizalo ndinaima. Lolemba tinagwirizana kuti madiresi akhale a manja aafupi, ine osanena kanthu. Dzulo lake ndi pamene mng'ono wa mkwatibwi, amene tinkakhala desiki imodzi kusekondale, anabwera kudzayezedwa. Kuseri kwa katani anavula juzi yomwe savula ngakhale kutenthe, n'kundionetsa chipsera cha madzi otentha kuyambira paphewa mpaka pachigongono. Anandipempha kuti ndimuthandize, koma ndisauze anthu.

A Manzere anali atawerama kale pansalu, akuwongola m'mphepete ndi chikhato.

“Pepani,” ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndinachita kubwereza. “Ndikufuna tibweze za manja.”

“Nayenso wayamba uyu? Inki sinaume n'komwe,” anatero a Manzere. “Chifukwa chake?”

Ndinati chifukwa chilipo koma si changa, sindingachinene pagulu. Amake mapasa anaseka, amvekere lamulo ndalemba ndekha ndi dzanja langa. Ndinayang'ana ulusi womwe unali pansi. Kenako ndinafunsa ngati lamulo lachiwiri lingalole kuti munthu auze mmodzi yekha, wosankhidwa ndi gulu, enawo n'kukhulupirira mawu ake.

Anakangana mpaka ayironi inazizira. A Manzere ankati tikatero aliyense azibisala kuseri kwa chinsinsi. Pomaliza anavomera, bola wosankhidwayo akhale iwowo, poti iwo sanyengereka.

Ine ndi a Manzere tinatuluka kukaima pakhonde. Ndinawauza ndikuyang'ana njinga zodutsa mumsewu, mtima ukundipweteka kuti lonjezo ndaliphwanyabe. 

Titalowa, anatenga tepi n'kuyeza nsalu kawiri.

“Manja aatali, madiresi onse asanu ndi limodzi,” anatero. “Ikwana, koma malamba a madiresi sapezeka. Ndipo wina asandifunse.”