Tsiku Limene Mzime Anatsekula Geti la Madzi

Anyezi a mayi ake a Mzime anali kumchira kwa ngalande, komwe madzi amafika atatopa kale. Chaka chino sankafika n'komwe. Bungwe loteteza mbalame linali litalamula kuti dambo lisaphwe mpaka abakha am'tchire ataswa, choncho geti la madzi linkatsekulidwa pang'ono chabe, ndipo alimi akumtunda ankamaliza madzi onse. Masamba a anyeziwo anali atagona pansi, nsonga zitapsa.

Mzime, chitsirizira m'nyumbamo, sankaona chovuta. Wosunga chitsulo chotsekulira getilo anali bwenzi lake, mnyamata wamtali amene alimi anam'patsa dzina loti Tate wa Abakha. Munthu woti anakulonjeza nyumba ya mawindo agalasi angakumane madzi?

"Mayi, konzani mizere. Lero muthirira."

"Mkamwini wanga wanthengayo wavomera?" anafunsa mayi osadzutsa mutu.

"Avomera. Ine sandikaniza kanthu."

"Pita. Ukamuuze kuti bakha sadzam'chapira malaya."

Mzime anam'peza mnyamatayo pageti akukankhira bwato m'madzi, zoonera patali zili lende pakhosi.

"Wabwera kudzaona ine kapena geti?" anafunsa mnyamatayo.

"Nonse. Anyezi akufa."

"Ndinadutsako dzulo, mtima unandiwawa. Koma taona mzere wofiirawo pachipilala. Madzi akatsika kupitirira pamenepo, zisa zikhala pamatope, agalu akadya mazira osanyowa n'phazi lomwe. Dikirani aswe, wokondedwa."

"Aswe liti? Kapena ukwatira bakha?"

Mnyamatayo anaseka, nam'tsina tsaya, n'kupalasa kulowa m'mabango. Kusekako n'komwe kunam'psetsa mtima Mzime. Chitsulo chotsekulira chinali chomangiriridwa pakaliyala ya njinga ya mnyamatayo, pansi pa mtengo. Mzime anali atamuonerera kambirimbiri akutsekula, kungoti maso ake ankakhala pamikono ya mnyamatayo, osati pantchito. Sankadziwa zomwe mlimi aliyense wa m'ngalandemo amadziwa: ngalande yadothi ikauma imang'aluka, ndiye umayamba waimwetsa timadzi pang'onopang'ono kuti ming'alu itupe n'kutsekeka.

Mzime anamasula chitsulocho, nachikoleka pageti n'kupotokola mpaka chinakana.

Madzi anatuluka ndi mkokomo, akuda, atasenza zinyalala ndi nthenga. Mzime anathamanga m'mbali mwake akuseka yekha, akuona kale mayi ake akuvina m'mizere, iyenso atavala zoyera zaukwati, anyezi atadzaza ngolo. Anapitirira minda ya kabichi, napitirira kamlatho ka matabwa. Atafika pokhota, pamunda wa tomato wa aphunzitsi opuma ntchito, anamva nthaka ikunjenjemera kuphazi.

Khoma la ngalande linatuluka thovu m'ming'alu, kenako linangokhala pansi ngati munthu wakomoka. Madzi onse anakhotera m'tomato. Mitengo yochirikiza inagwa motsatizana, tomato wofiira n'kumayandama kulowera kumsewu. Kutsogolo, ngalande yopita kumchira inatsala gwa, youma ngati kale.

Mzime anaima kukamwa kuli yasa.

Anthu anathamangirako ndi makasu, koma panalibe chotseka. Aphunzitsi anafika atanyamula nsapato kumanja, nayang'ana munda wawo, nayang'ana mtsikanayo.

"Mwanawe, ndinakulakwira chiyani m'kalasi?"

Mkokomo unayamba kuchepa. Wina anali atatseka geti. Posakhalitsa Tate wa Abakha anatulukira, thalauza ili yonyowa mpaka m'chiuno, matope ali m'mawondo. Sanakalipe, ndipo Mzime akanakonda akanakalipa.

"Bwato langa lakhala pamatope pakati pa dambo," anatero motsitsa mawu. "Ndabwera wapansi. Ngati ndayenda ine, galu alephera bwanji?"

"Ndimafuna pang'ono pokha."

"Pang'ono? Wapotokola mpaka kumapeto."

Wapampando wa alimi anayendera pogumukapo ndi ndodo yake, akupukusa mutu. Ananena kuti geti likhala lotseka ndithu, osadontha n'kadontho komwe, mpaka khoma limangidwe ndi kuuma. Wakumtunda, wakumchira, onse chimodzimodzi. Maso a anthu onse anatera pa Mzime. Iye anafunafuna nkhope ya bwenzi lake, koma mnyamatayo anali atatembenuka kale, akubwerera kudambo ndi mwala m'manja wothamangitsira agalu.

Mzime anayenda m'kati mwa ngalande youmayo mpaka kumchira. Mayi ake anali chiimire pakamwa pa mzere woyamba, khasu lili paphewa, mizere yonse itatsekulidwa bwinobwino.

"Ndamva mkokomo," anatero akumwetulira. "Afika pati?"

Mzime anafotokoza. Mawu ankatuluka odukaduka, ngati akunena za munthu wina. Kumwetulira kwa mayi kunachedwa kuchoka, ngati nkhope sinamve zomwe makutu amva.

"Watsekula ndiwe? Ndi manja akowa?"

"Eya, mayi."

"Mpaka khoma liume," anabwereza mayi, akuyang'ana dzuwa.

Anatsitsa khasu, nagwada, nazula anyezi mmodzi. Anali ngati chala chamanthu. Anam'sasa dothi, namuika pambali, n'kuzula wina.

"Usangoima pamenepo ngati chipilala. Katenge thumba kunyumba. Laling'ono lija likwana."