Mmbulu wa m'Besi ya a Tu

Ku Huangqiao aliyense amapanga vayolini, ngakhale amene sadziwa kukhoma msomali. A Tu Baogen ankapanga mabesi okhaokha, zimphona zija zimene munthu amaimba ataimirira, ndipo onse ankawaika msana wafulati. Mlamu wawo, a Pang Desheng a tsidya lina la msewu, ankasema misana yotukumuka ngati ya kamba. Nkhani ya misanayi inawadanitsa kalekale, moti pa phwando la chaka chatsopano ankapatsirana mbale osayang'anana.

Mwana wamkazi wa a Tu, Huiyan, ataitanidwa kukayesedwa ku gulu lalikulu la oimba ku Nanjing, bambo ake anamupangira besi yakeyake. Ankafunitsitsa kuti besi ya manja awo ikakwere nsanja ya ku Nanjing itagwiridwa ndi mwana wawo, koma sananene. Anthu a mtundu wa a Tu sanena zotero, amangopala matabwa mpaka zala kutupa.

Besiyo inatuluka ndi mawu oti ukakoka uta woimbira pa nsambo zake, makapu a tiyi ankanjenjemera pa shelefu. Inatulukanso ndi mmbulu. Opanga amatero ponena noti imene thupi la besi limakangana ndi nsambo, mawu n'kumachita chibwibwi ngati galu wotsamwidwa ndi fupa. Mmbulu wa besi iyi unakhala pa la, ndipo nyimbo ya mayeso ya Huiyan inadzaza ndi la.

"Ababa, ukulira uwu," anatero Huiyan.

"Besi yabwino siisowa mmbulu. Zapulaiwudi zija n'zimene zilibe."

"Ndiye oweruza ndikawauze zimenezo?"

A Tu anamanga kamkuwa pa nsambo, kunsi kwa kamlatho, kathabwa kamene kamanyamula nsambozo. Mmbulu unachoka pa la n'kukakhala pa so, pamene nyimboyo inathera. Anasuntha kamzati ka m'kati, mmbulu unabwerera kwawo. Kutagwa mvula unasamukanso wokha, osatsanzika.

A Pang anatulukira masana ena ndi timakeke ta chitowe m'pepala, ati kudzaona mlongo wawo.

"Alamu, mmbulu suphedwa, umangosamutsidwa," anatero akutafuna. "Uikeni pakati pa manoti awiri, mwana azikauzemba ndi uta. Apo ayi, ndimubwereke yanga. Nayonso ili nawo, koma waulemu."

"Kamba wanu uja?"

"Kambayo anafika ku Shanghai, alamu. Mabolodi anuwa anafika kuti?"

A Pang akanakhala chete, a Tu akanausamutsa okha motero, pakuti ankazidziwa kuyambira ali wophunzira. Koma malangizo abwino akachokera kwa mlamu amayabwa ngati chitedze. Tsiku lomwelo anatsegula chifuwa cha besi, namata chigamba chochindikala pamene mmbulu unkagona, nawonjezera mipiringidzo kumsana. Anaikamonso ndi mtovu pang'ono, kuti ena aone.

Guluu anauma kutatsala tsiku limodzi kuti ulendo uyambe. Huiyan anaimika besiyo pakati pa shopu n'kuimba nyimbo yake kuyambira pamwamba mpaka pansi. La anatuluka bwinobwino, so nayenso bwinobwino. Panalibe chibwibwi paliponse.

Atamaliza, mayi ake anasuzumira kuchokera m'khichini, mpeni uli m'manja.

"Bwanji, simuyamba kodi? Ndikufuna ndimve nawo."

Huiyan anayang'ana bambo ake.

"Mmbulu uja wapitadi," anatero.

"Wapita."

"Koma wanyamula ndi katundu yemwe, ababa."

A Tu anali atamva kale pa kukoka koyamba kwa uta kuti apha besi yawo, ndipo mtima unawapweteka koopsa. Kuti aitsegulenso, guluu sakanauma galimoto ya ulendo isanafike. Anatola tsache n'kuyamba kusesa pamalo posesa kale.

M'mawa Huiyan anawoloka msewu. A Tu anamuona pawindo akugwadira amalume ake ndi mawu, a Pang akugwedeza mutu mwachifundo chonyansa. Kenako besi ya msana wa kamba inatuluka m'chikwama chake chachikulu. Besi sinyamulika ndi munthu mmodzi polowetsa m'galimoto, ndipo a Pang anakumbukira pomwepo kuti chiuno chikuwavuta.

"Ababa, tabwerani mundigwirireko kumutuku," anaitana Huiyan.

A Tu anavula epuloni, nawoloka msewu umene anali asanawolokepo kwa zaka zambiri. Anagwira khosi la besi ya mlamu wawo, nailowetsa mosamala, naitsamiritsa pa bulangete kuti kamlatho kasagunde mpando. Anayesa lamba kawiri. Huiyan atakhala pansi m'galimotomo, a Tu anawerama pawindo.

"Mmbulu wake uli pa fa," anatero. "Ndakhala ndikuumva kuchokera kwathu kuja. Ukafika pamenepo usendeze uta kufupi ndi kamlatho, ukanikize. Usauope, ndi besi yabwino."