Nsalu Yofiira pa Lole ya Matabwa

Titus Likando wayendetsa lole ya a Musa, mmwenye wa sitolo ya zitsulo ku Petauke, kwa zaka khumi ndi zisanu, ndipo amadzitama kuti m'chipinda chosungira katundu amadziwa ngakhale pogona makoswe. Kudzitama kumeneko n'kumene kunamugwetsa m'mavuto.

Tsikulo ananyamula matabwa aatali opita ku Nyimba. Katundu wotulukira kumbuyo amafuna kansalu kofiira, apo ayi apolisi apamsewu sakusiya. Titus anatsegula bokosi lachitsulo m'chipinda chija n'kupezamo nsalu yofiira yofwifwa, ya mizere yabuluu ndi yoyera pakona. Anaimanga kunsonga kwa thabwa, ulendo.

Pofika ku Nyimba nsalu inali itagwa. Sanadandaule, mpaka Abby, mdzukulu wa a Musa, anaimba foni kufunsa amene watsegula bokosilo. Nsaluyo inali mbendera ya chombo cha matanga cha agogo awo a a Musa, chimene chinkachoka ku Kutch, ku India, n'kukankhidwa ndi mphepo mpaka ku Beira. Zombo za amwenye nthawi ya atsamunda zinkakweza mbendera ya Angerezi. Chombocho chinawola kalekale, ndipo cha agogowo chotsala chinali nsalu yomweyo.

Titus anatembenuza lole. Anabwerera pang'onopang'ono, akuima paliponse pamene amayi akugulitsa nthochi, kufunsa za nsaluyo monga munthu wotaya mbuzi. Anaipeza kwa amayi ena dzina lawo a Rabecca, ataifunditsa nthochi kuti zisapse ndi dzuwa. Anamuseka kuti bambo wamkulu akulirira sanza, koma anaikung'untha fumbi n'kumupatsa. Titus anaomba m'manja mpaka amayiwo anachita manyazi.

A Musa, amene maso awo saonanso bwino, anali pakhonde. Titus ananjuta n'kuulula zonse, osabisa kanthu. Mkuluyo anapapasa nsaluyo nthawi yaitali.

"Unali kuiona pagalasi pamene unali kuyendetsa?" anafunsa.

"Ee, bambo."

"Inali kuchita bwanji?"

Titus anafotokoza kuti pamtsetse inkawongoka yonse n'kumakupiza, phokoso lake kumveka mpaka kutsogolo, ndipo pachitunda inkagwa n'kudzukanso.

A Musa anapukuta misozi. "Ine nakalamba niiona chabe yopindapinda m'bokosi. Atate naonso sanaioneko pamphepo. Zikomo, Titus. Tenga mpando, uniuzenso za pamtsetse paja."