Zithera Muno

"Bwezera poyambirira," anatero aphunzitsi anga, akuloza kachipangizo kojambulira mawu kamene kanali patebulo.

Ndinabwezera. Mawu anga anamveka bwinobwino, ofewa ngati a namwino: "Masukani mayi, zonse tikambe muno zithera muno."

Zaka zisanu ndi chimodzi ndinali phungu wa anthu osweka mtima kuchipatala, ndipo mawu amenewo ndinkangowanena ngati moni. Koma tsopano ndinkaphunzira ntchito ina, yopima maganizo a woimbidwa mlandu n'kukauza khoti ngati mutu wake unkayenda bwino pamene ankapalamula. Lamulo loyamba pantchito imeneyi ndi kuchenjeza munthu kuti chilichonse anene chikafika kwa woweruza. Ine, chitsiru chophunzira, mayi amene ndinkamupimayo ndinamulonjeza chinsinsi.

Mayiyo ankaimbidwa mlandu wotentha shopu ya mwamuna wake, ndipo loya wake ankati tsikulo mutu unali utasokonekera. Atamva lonjezo langa kundende kuja, anandigwira dzanja n'kundiuza akulira kuti petulo anagula kutatsala masiku awiri kuti atenthe shopuyo, n'kubisa kuseri kwa thanki yamadzi. Zonsezo ndinazilemba mulipoti, ndipo lipotilo linali litafika kale kukhoti.

"Mwana wanga, munthu uja wamutchera msampha," anatero aphunzitsi. "Nditha kulemba kalata yopempha kuti lipoti libwezedwe, osakutchula. Satifiketi yako ituluka mwezi wamawa. Koma loya wa boma sangalilole kuchoka popanda chifukwa chomveka."

"Nanga ndikakanena ndekha?"

"Ubwereza chaka chonse."

Kunyumba mchemwali wanga anangoti kukamwa yasa. "Iwe, wamisala ndi ndani pamenepa, iweyo kapena mayiyo? Shopu anatenthadi!"

"Anatenthadi. Koma khoti lipeze umboni wake mwachilungamo, osati kudzera m'bodza langa."

Tsiku la mlandu ndinaima m'bokosi la mboni. Loya wa boma anandimwetulira ngati mlamu wake, lipoti lili m'manja.

"Tiwerengereni ndime yachinayi."

"Sindiwerenga, bwana." Ndinatembenukira kwa woweruza. "Olemekezeka, mayi awa ndinawauza kuti zokamba zathu zikhala zachinsinsi. Sindinawachenjeze. Akanadziwa kuti mawu awo afika pano, anali ndi ufulu wokhala chete, ndipo ufuluwo ndinawalanda ndi ine."

Woweruza anavula magalasi n'kundiyang'ana.

"Mayi, mukudziwa chimene mukudzichita nokha?"

"Ndikudziwa."

Ndinali ndi mantha, sindibisa, komanso manyazi oti nthaka ing'ambike ndilowemo. Koma nditafunsidwa kachiwiri ndinabwereza mawu omwewo, mokweza kuti kalaliki alembe bwino. Woweruza analamula kuti lipoti lichotsedwe mu umboni, mayiyo akapimidwenso ndi katswiri wina, ndipo mlandu upite kwa woweruza amene sanaliwerenge.

Nditatsika, ndinadutsa pafupi ndi pamene mayiyo anakhala pakati pa asilikali awiri a ndende. Chiyambire m'mawa anali asanandiyang'ane.

"Mukadapanda kunena, ndani akadadziwa?" anandifunsa chapansipansi.

"Inuyo," ndinatero.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakweza manja ake omangidwa unyolo, onse awiri pamodzi, n'kundikonzera kolala ya bulauzi imene inali itapindika.